Pamene Mboni Palibe: Umboni wa Zizindikiro pa Milandu Yovulaza Munthu Mosasamala



M'chaka cha 1863, bambo wina dzina lake Byrne ankayenda mumsewu wa Scotland Road mumzinda wa Liverpool ku England. Atafika pa sitolo ya wogulitsa ufa wotchedwa Boadle, mgolo wa ufa unagwa kuchokera pawindo la chipinda cham'mwamba n'kumugwetsa pansi, ndipo anavulala kwambiri. Iye mwini sankakumbukira chilichonse cha mmene zinachitikira. Anthu odutsa anauona mgolowo ukugwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona zimene antchito ankachita m'chipindamo. Khoti loyamba linati wodandaulayo walephera kubweretsa umboni woti Boadle kapena antchito ake sanasamale. Mlanduwo utafika ku Court of Exchequer, woweruza wamkulu Pollock anaona mosiyana. Iye anati mgolo sungagubuduke wokha n'kutuluka pawindo ngati ousunga akusamala, ndipo n'kupanda nzeru kumuuza munthu wovulala kuti akafune mboni pakati pa antchito a yemwe akumusumirayo. Anagwiritsa ntchito mawu a Chilatini akuti res ipsa loquitur, kutanthauza kuti chinthucho chikudzinenera chokha.

Ophunzira malamulo m'mayiko ambiri amayambira pa mlandu umenewu. Ife tikufuna tifunse funso lina: mlanduwu ukanafika pamaso pa Qadhi wa ku Madinah, Kufa kapena Damascus, Byrne akanabwerera chimanjamanja chifukwa chosowa mboni ziwiri? Ambiri mwa ophunzira athu amayankha kuti inde, chifukwa m'madarasa timaloweza msanga lamulo la mboni ndi kulumbira, koma sitifika pa mitu ya dhamaan, yomwe ndi udindo wolipira chimene munthu waononga. Tikatsatira mbiri ya mituyi tipeza kuti maulama a fiqh analimbana nalo vutoli kwa zaka mazana ambiri, ndipo anali ndi njira zawo zowerengera zizindikiro komanso malire amene sankalola kuwadumpha.

Lamulo loyambira ndi chifukwa chake

Maziko a milandu mu Shariah ali mu Hadith ya Ibn Abbas (RA) yomwe ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Tanthauzo lake ndi loti anthu akanamapatsidwa chilichonse chimene anena kuti n'chawo, ena akanamalanda chuma ndi miyoyo ya anzawo ndi pakamwa pokha. Al-Bayhaqi analandira Hadithyi ndi mawu oonjezera osonyeza kuti bayyinah ndi udindo wa wodandaula, pomwe kulumbira ndi kwa wokana. Imam al-Nawawi anaiika pa nambala 33 m'Mahadith ake makumi anayi aja. Kuchokera apa maulama anakhazikitsa mfundo yoti munthu aliyense amatengedwa kuti alibe ngongole kapena mlandu mpaka zitatsimikizika.

Lamuloli linaikidwa kuti liteteze munthu wosalakwa ku lilime la wabodza. Koma pali milandu ina imene lamulo lomweli, likagwiritsidwa ntchito mosaganiza, limateteza wolakwa. Munthu amene wagweredwa katundu kuchokera m'mwamba, amene wavulazidwa ali mtulo pa opaleshoni, kapena amene munda wake wadyedwa usiku, alibe chimene anaona. Amene akudziwa zoona ndi yemwe ankachisunga chinthucho, ndipo iye akhoza kungokhala chete. Choncho nkhani yonse yagona pa tanthauzo la liwu lakuti bayyinah.

Malaya a Yusuf ndi tanthauzo la bayyinah

M'mabuku ambiri a fiqh, njira zotsimikizira mlandu zimene zili ndi mitu yakeyake ndi kuvomera, mboni, kulumbira ndi kukana kulumbira. Chizindikiro, chomwe pa Chiarabu ndi qarinah, kawirikawiri chilibe mutu wakewake. Komabe Qur'an yolemekezeka imationetsa chizindikiro chikugamula nkhani kawiri konse mu Surah Yusuf. Pa ayah 18, abale ake a Yusuf (AS) anabweretsa malaya ake opakidwa magazi abodza. Al-Qurtubi, yemwe anamwalira mu 671 AH (1273), akufotokoza kuti Yaaqub (AS) anazindikira bodzalo poona kuti malayawo sanang'ambike, popeza chilombo sichingadye munthu n'kusiya chovala chake chili bwinobwino. Iye akuti maulama a fiqh anatenga ayah imeneyi ngati umboni wololeza kugwiritsa ntchito zizindikiro. Pa ayah 26 mpaka 28, malo amene malaya anang'ambikira ndi amene anaonetsa yemwe ankathawa ndi yemwe ankathamangitsa. M'chipindamo munalibe mboni yoona ndi maso, koma kung'ambika kwa kumbuyo kunakwanira.

Mu Sunnah muli nkhani ya amayi awiri amene ankalimbirana mwana pamaso pa Sulaiman (AS). Iye ataitanitsa mpeni ngati akufuna kumugawa mwanayo pakati, mayi wamng'ono anavomera kumutaya mwanayo kuti asaphedwe, ndipo Sulaiman anamupereka kwa iyeyo. Chifundo chake chinali chizindikiro champhamvu kuposa mawu a pakamwa pake.

Amene anasonkhanitsa maumboniwa n'kuwamangira chiphunzitso chathunthu ndi Ibn Qayyim al-Jawziyyah wa ku Damascus, yemwe anamwalira mu 751 AH (1350), m'buku lake la al-Turuq al-Hukmiyyah. Mfundo yake inali yoti bayyinah ndi dzina la chilichonse chimene chikuonetsa choonadi poyera, ndipo mboni ziwiri ndi mtundu umodzi chabe wa bayyinah. Iye anachenjeza mbali zonse ziwiri: woweruza wonyozera zizindikiro amataya maufulu ambiri a anthu, ndipo wozidalira mopyola muyezo amagwera m'kupondereza. Pambuyo pake Ibn Farhun wa madh'hab a Maliki, Qadhi wa ku Madinah yemwe anamwalira mu 799 AH (1397), anasonkhanitsa mu Tabsirat al-Hukkam nkhani zambiri zimene maulama amagamula potsatira zizindikiro ndi chizolowezi cha anthu. Zimene awiriwa anaonetsa n'zakuti ngakhale aja amene sanalembe mutu wa qarinah ankaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'zigamulo zawo.

Kodi kusasamala kumafunika kutsimikizidwa liti?

Tisanapitirire, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ophunzira amasokoneza. Fiqh imagawa kuononga pawiri. Pali mubasharah, pamene munthu wavulaza mnzake mwachindunji ndi dzanja lake kapena ndi chida chimene wagwira. Pamenepa funso la kusasamala silibuka n'komwe: amalipira ngakhale sanafune. Ayah 92 ya Surah al-Nisaa inakhazikitsa dipo, lomwe ndi diyah, pa kupha mwangozi, ndipo Sunnah inaika dipolo pa aqilah, abale a kuchimuna a wopha uja. Kenako pali tasabbub, pamene munthu wangokhala gwero la ngoziyo, monga wokumba dzenje lomwe wina wagweramo. Uyu amalipira pokhapokha ngati anapyola malire, komwe ndi taaddi, kapena ananyozera udindo wake, komwe ndi tafrit. Wokumba chitsime m'munda mwake alibe mlandu, pomwe wochikumba pamsewu wa anthu onse popanda chilolezo ali nawo.

Apa ndi pomwe vuto la umboni limakulira, chifukwa kunyozera si chinthu chimene mboni imachiona kawirikawiri. Kunyozera ndi kusachita chinthu. Maulama anatsata njira zitatu pothana nalo vutoli.

Njira yoyamba: chizindikiro chosanduka lamulo

Imam Malik mu al-Muwatta analemba nkhani ya ngamila ya al-Baraa ibn Aazib (RA) yomwe inalowa m'munda mwa munthu wina n'kuononga mbewu. Mtumiki (SAW) anagamula kuti masana eni minda ndiwo azilondera minda yawo, ndipo zimene ziweto zaononga usiku azilipira eni ziweto. Taonani kuti mwini munda sakuuzidwa kuti abweretse mboni zoona mwini ngamila akusiya khola lotsegula. Nthawi imene kuonongako kwachitika ndi imene ikulankhula. Chizolowezi cha ku Madinah chinali choti ziweto zimadya masana ndipo zimatsekeredwa usiku, kotero chiweto chopezeka m'munda usiku ndi chizindikiro choti mwini wake ananyozera. Ayah 78 ya Surah al-Anbiyaa, yokamba za Dawud ndi Sulaiman (AS), nayo ikunena za ziweto zimene zinalowa m'munda usiku.

Maulama a Shafi'i, madh'hab amene Asilamu ambiri kuno ku Malawi timatsatira, anamvetsa kuti gwero la chigamulochi ndi chizolowezi. Iwo anati m'dera limene chizolowezi chili chotembenuka, chigamulonso chimatembenuka. Mfundoyi ikutikhudza, chifukwa m'midzi yathu yambiri mbuzi ndi ng'ombe zimamangidwa kapena kuwetedwa ndi abusa nthawi ya dzinja, masana omwe, ndipo zimatayiriridwa anthu akakolola. Imam Abu Hanifah anatsamira pa Hadith ina ya mu Bukhari ndi Muslim yoti chimene chiweto chaononga pachokha chilibe malipiro, ndipo sanasiyanitse usiku ndi masana ngati mwini wake sali nacho limodzi.

Mahanafi nawo anali ndi zizindikiro zawo zimene anazisandutsa malamulo. Al-Marghinani, yemwe anamwalira mu 593 AH (1197), akufotokoza mu al-Hidayah kuti kuyenda pamsewu wa anthu onse n'kololedwa, koma ufuluwo uli ndi chomangira: usavulaze ena pa zinthu zimene zikhoza kupeweka. Wokwera hatchi amalipira ngati hatchiyo yaponda kapena kuluma munthu, chifukwa zimenezo akanatha kuzipewa ndi chingwe chimene wagwira. Salipira ngati yamenya ndi mwendo wakumbuyo kapena mchira ili kuyenda, popeza alibe maso kumbuyo. Buku lomwelo likuti munthu amene wasenza katundu pamsewu, katunduyo n'kugwera munthu wina n'kumupha, amalipira, pomwe chovala chimene wavala chikagwa n'kupweteka wina salipira. Wosenza katundu cholinga chake ndi kumusunga katunduyo, choncho kugwa kwakeko kukusonyeza kale kuti sanasunge bwino. Apa tayandikira kwambiri mgolo wa ku Liverpool uja, zaka zoposa 600 usanagwe.

Chitsanzo china ndi khoma lopendekera. Khoma limene linamangidwa bwino likagwa mwadzidzidzi n'kupha munthu, mwini wake alibe mlandu. Koma Mahanafi ndi Mamaliki anati ngati linayamba kupendekera kumsewu, wina n'kumuchenjeza mwini wake, nthawi yokwanira kuligwetsa n'kudutsa iye osachitapo kanthu, amalipira. Mahanafi analangiza kuti chenjezolo lichitike pamaso pa mboni kuti mwini khoma asadzakane. Mashafi'i ambiri anati khoma likamangidwa lopendekera kuchokera pachiyambi womangayo ali ndi mlandu, koma likapendekera lokha pambuyo pake alibe, chifukwa sanachite kanthu ndi manja ake. Kusiyanaku kukutiphunzitsa kuti maulama sankagwirizana nthawi zonse pa mphamvu ya chizindikiro chilichonse, ngakhale onse ankachiwerenga.

Njira yachiwiri: kusamutsa udindo wofotokoza

Lamulo la amanah ndi loti munthu amene wasungitsidwa chinthu salipira chikaonongeka popanda kunyozera kwake, ndipo mawu ake amalandiridwa akalumbira. Mmisiri amene anthu amamusiyira katundu wawo, monga telala, wochapa zovala, wonyika nsalu mu utoto kapena wosula golide, poyambirira ankawerengedwa m'gulu lomweli. Koma mizinda itakula, kunaoneka kuti mwini nsalu alibe njira yodziwira zimene zachitika m'shopu ya telala. Mmisiri akangonena kuti yatayika, nkhani yathera pomwepo.

Kunalandiridwa kuchokera kwa Ali ibn Abi Talib (RA) kuti ankawalipiritsa amisiri otere, ponena kuti anthu sangakhale pabwino popanda kutero. Imam Malik anatsatira zimenezi: mmisiri wogwirira ntchito anthu onse amalipira katundu amene watayika m'manja mwake, kupatula ngati pali umboni woti anaonongeka popanda kunyozera kwake. Abu Yusuf ndi Muhammad al-Shaybani, ophunzira a Abu Hanifah, anasiyana ndi mphunzitsi wawo ndipo anati mmisiri amalipira kupatula pa tsoka lalikulu losapeweka, monga moto wopsereza dera lonse kapena achifwamba. Imam al-Shafi'i anakayikira kutsimikizika kwa nkhani ya Ali ija ndipo ankaona kuti mmisiri salipira popanda umboni wa kupyola malire. Komabe wophunzira wake al-Rabi' anafotokoza kuti Imamuyo sankalengeza maganizo akewa poyera poopa amisiri osakhulupirika. Al-Shatibi wa ku Granada, yemwe anamwalira mu 790 AH (1388), anaitenga nkhaniyi ngati chitsanzo cha maslahah mursalah m'buku lake la al-I'tisam.

Ngakhale mutuwu ukukamba za katundu osati thupi la munthu, maganizo ake ndi omwe aja amene Pollock anafikapo. Chinthu chinali m'manja mwa munthu mmodzi, iye yekha ndi amene akudziwa chimene chinachitika, choncho iye ndi amene afotokoze. Wodandaula sanamasulidwe ku udindo wake wonse: ayenera kutsimikiza kaye kuti anaperekadi nsaluyo kwa telalayo. Akatero, mpira uli kwa telala.

Pa nkhani ya sing'anga tikuona zofanana. Hadith yomwe ili kwa Abu Dawud, al-Nasa'i ndi Ibn Majah ikutanthauza kuti amene wachiza anthu asakudziwika kale kuti ndi wodziwa zachipatala amalipira akapweteka munthu. Kusadziwika kwakeko ndi chizindikiro chokwanira. Pa katswiri weniweni, Malik analemba mu al-Muwatta kuti wochita mdulidwe akadula mutu wa chiwalo amayenera dipo, ndipo dipolo limagwera aqilah monga kulakwitsa kwina kulikonse. Chilondacho chikuonetsa chokha kuti mpeni unadutsa malo ake. Kwa ife amene ana athu amapita ku jando, chigamulochi n'choyenera kuchidziwa angaliba ndi makolo omwe.

Njira yachitatu: chizindikiro cholimbitsidwa ndi malumbiro

Pamene munthu wafa ndipo mboni palibe, Sunnah inabweretsa qasamah. Abdullah ibn Sahl (RA) anapezeka ataphedwa ku Khaybar. Abale ake, Abdur Rahman ibn Sahl, Huwayyisah ndi Muhayyisah, anapita kwa Mtumiki (SAW), yemwe anawauza kuti alumbire malumbiro 50. Iwo anakana chifukwa sanaone. Sanafunenso kulandira malumbiro a Ayuda a ku Khaybar, ndipo Mtumiki (SAW) anapereka yekha dipo la ngamila 100 kuti magazi a munthuyo asapite pachabe. Kuchokera apa Mamaliki ndi Mashafi'i anakhazikitsa chiphunzitso cha lawth, chizindikiro champhamvu chimene chimachititsa mtima kukhulupirira wodandaula, monga udani wodziwika ndi malo amene mtembo wapezeka. Lawth payokha simaliza mlandu. Imangosamutsa ufulu woyamba kulumbira kuchoka kwa wokana kupita kwa wodandaula. M'maganizo ake omaliza, al-Shafi'i anati qasamah imabweretsa dipo lokha, osati qisas, pomwe Malik analola qisas.

Mu al-Muwatta mulinso mlandu umene lero tingautche ngozi ya pamsewu. Munthu wa fuko la Banu Sa'd ibn Layth anathamangitsa hatchi, ndipo inaponda chala cha munthu wa fuko la Juhaynah. Chilondacho chinatuluka magazi mpaka munthuyo anamwalira. Zoti hatchi inamuponda panalibe wokana. Funso linali loti imfayo inabwera chifukwa cha chalacho kapena ayi. Umar ibn al-Khattab (RA) anafunsa a Banu Sa'd ngati angalumbire malumbiro 50 kuti sanafe nacho, ndipo anakana poopa tchimo. Anafunsa abale a malemuyo, nawonso anakana. Umar anagamula kuti a Banu Sa'd apereke theka la dipo. Malik atailemba nkhaniyi anaonjezera kuti machitidwe a ku Madinah sanatsatire chigamulochi. Komabe nkhaniyi ikutionetsa Khalifa amene sanafune kuti banja loferedwa lichoke chimanjamanja chifukwa choti chimene chinapha m'bale wawo sichioneka ndi maso, ndipo sanafunenso kusenzetsa mbali inayo mtolo wonse pa chinthu chokayikitsa.

Mpeni wamagazi ndi malire a chizindikiro

Pakati pa 1869 ndi 1876, komiti yotsogoleredwa ndi Ahmed Cevdet Pasha inalemba Majallat al-Ahkam al-Adliyyah, buku la malamulo la ufumu wa Ottoman lokhala ndi ndime 1,851 zochokera mu fiqh ya Hanafi. Ndime 92 ndi 93 zinasiyanitsa mubasharah ndi tasabbub, ndime 926 inakamba za katundu wogwa kwa womusenza pamsewu, ndipo ndime 928 inakamba za khoma lopendekera. Pa ndime 1740 ndi 1741, qarinah yosasiya chikayiko inalembedwa poyera ngati imodzi mwa njira zogamulira mlandu. Chitsanzo chimene anapereka ndi cha munthu amene watuluka m'nyumba yopanda anthu ali ndi mantha, mpeni wamagazi uli m'manja, ndipo anthu atalowa nthawi yomweyo apeza munthu wongophedwa kumene.

Wophunzira amene wawerenga ndimeyi awerengenso nkhani imene Ibn al-Qayyim anailemba mu al-Turuq al-Hukmiyyah. M'nthawi ya Ali (RA), munthu wina anagwidwa m'bwinja la nyumba ataimirira pambali pa mtembo, mpeni wamagazi uli m'manja. Anavomera kupha. Akupita naye kukaphedwa, kunatulukira munthu wina amene anati ndi iye anapha. Woyambayo atafunsidwa anati iye ndi wopha nyama pamsika. Anali atangozinga ng'ombe, n'kulowa m'bwinjamo kukataya madzi mpeni udakali m'manja, ndipo alonda anamupeza atazizwa ndi mtembowo. Anavomera chifukwa ankadziwa kuti palibe amene akanamukhulupirira. Chizindikiro chinalipo, kuvomera kunalipo, koma munthuyo anali wosalakwa.

Ndi chifukwa chake jumhur ya maulama sinalole kuti zilango za hudud zikhazikike pa zizindikiro zokha, pakuti chikayiko chimachotsa hadd, ngakhale Mamaliki anapatulapo zochepa monga fungo la mowa. Pa nkhani ya kulipira wovulala khomo linatsegulidwa mokulirapo, chifukwa chuma chikaperekedwa molakwika chikhoza kubwezedwa, pomwe moyo ndi chiwalo sizibwerera. Mphamvu ya chizindikiro imayezedwa ndi kukula kwa chimene chigamulo chichotse kwa munthu.

Zimene makhoti a ku England anaonjezera

Patatha zaka ziwiri chigamulireni mlandu wa Byrne, mu 1865, kunabwera mlandu wa Scott ndi kampani ya London and St Katherine Docks. Scott, wogwira ntchito yoona za msonkho padoko, anagweredwa ndi matumba 6 a shuga akudutsa pakhomo la nyumba yosungiramo katundu. Woweruza wamkulu Erle anaika zofunika zimene makhoti akuzitsatirabe: chinthucho chikhale kuti chinali m'manja mwa wosumiridwayo kapena antchito ake, ngoziyo ikhale ya mtundu umene suchitika kawirikawiri anthu akasamala, ndipo pasakhale kufotokoza kwina komveka.

Milandu yotsatira inaonetsa malire ake. Mu 1873, pa mlandu wa Gee ndi Metropolitan Railway, munthu anagwa pachitseko cha sitima itangonyamuka kumene pa siteshoni, ndipo khoti linati umenewo ndi umboni woti antchito sanatseke bwino. Mu 1944, pa mlandu wa Easson ndi London and North Eastern Railway, mwana wa zaka 4 anagwa pachitseko sitima itayenda kale mtunda wa mamailosi 7 kuchokera pomwe inaima komaliza. Khoti linakana, ponena kuti pa ulendo wotere wokwera aliyense akanatha kuchigwira chitsekocho. Chaka chomwecho ku California, pa mlandu wa Ybarra ndi Spangard, munthu amene anagonekedwa tulo kuti achitidwe opaleshoni ya pamimba anadzuka phewa lake litapweteka mpaka dzanja kulumala. Khoti linati madokotala ndi anamwino onse amene anamugwira ali mtulo ndi amene afotokoze. Mu 1998, khoti lalikulu la Canada pa mlandu wa Fontaine linati mawu a Chilatini aja asiye kutengedwa ngati lamulo lapadera, chifukwa chimene chikuchitika ndi kungoyeza umboni wa zizindikiro limodzi ndi umboni wina wonse. Pamenepo anafika pafupi ndi zimene Ibn al-Qayyim ananena za bayyinah.

Sitikunena kuti oweruza a ku England anatengera kwa maulama athu. Phindu la kuyerekeza ndi kuona kuti anthu oganiza mozama, akakumana ndi vuto limodzi, amafunsa mafunso ofanana: chinthucho chinali m'manja mwa ndani, chizolowezi chikuti chiyani, ndipo ndani angathe kufotokoza. Nkhaniyi ikutikhudzanso mwachindunji, chifukwa dziko lathu linalandira malamulo a ku England kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, ndipo makhoti a Malawi amagwiritsa ntchito mfundo ya res ipsa loquitur pa milandu ya chipukuta misozi. Msilamu amene wavulala pa ngozi ya minibasi kapena pantchito akakumana nayo kukhoti, asaione ngati chinthu chachilendo pa chipembedzo chake.

Kwa aphunzitsi ndi ophunzira

Ambiri mwa omwe akuwerenga nkhaniyi sadzakhala pa mpando wa Qadhi, koma adzaitanidwa kukayanjanitsa anthu pamzikiti, m'mudzi kapena pamadrasa. Kudzabwera mayi amene mwana wake wagweredwa ndi mpanda wa njerwa wa mnansi, kapena bambo amene wagundidwa ndi njinga ya kabaza chakumbuyo osaona kanthu. Sheikh amene adzangofunsa kuti mboni zako zili kuti, n'kutseka nkhani, adzakhala atagwiritsa ntchito theka la fiqh. Afunsenso ngati mpandawo unali utayamba kale kupendekera, ngati mwini wake anauzidwapo, ndiponso ngati panali mvula yamkuntho imene inagwetsa mipanda ya ena. Akapeza chizindikiro champhamvu, amupatse wosumiridwayo mpata wokwanira wofotokoza, pokumbukira wopha nyama uja, ndipo asathamangire kumutcha munthu wolakwa pomwe chinthucho chinadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Pophunzitsa Hadith ya nambala 33 ya al-Nawawi, tiyeni tiziiphunzitsa limodzi ndi ngamila ya al-Baraa, hatchi ya Banu Sa'd ndi malaya a Yusuf (AS), kuti wophunzira adziwe chifukwa chimene lamulolo linaikidwira komanso mmene maulama analigwiritsira ntchito pamene mboni zinasowa. Allah ndiye wodziwa koposa.